Vinyo wa Baga ndi kutentha kwa kwathu

Pa vinyo wofiira yense wa ku Portugal amene amafika m'masitolo athu, ine ndimakonda wa ku Bairrada. Dera limeneli lili pakati pa Aveiro ndi Coimbra, pafupi ndi nyanja yamcere, ndipo malire ake anakhazikitsidwa mwalamulo mu 1979. Mphesa yake yaikulu ndi Baga. Kumeneko mphepo yacinyezi yocokera kunyanja imaziziritsa minda, mphesa zimacedwa kupsa, ndipo alimi amakhala ndi nkhawa kuti mvula ingagwe asanakolole.

Kuzizira kumeneku kumamveka m'kapu. Baga wa zaka ziwiri kapena zitatu amanunkhira zipatso zofiira, koma akafika pa lilime amawawasa, kenako n'kuumitsa m'kamwa ngati nthoci yosapsa. Ambiri amamutaya mtima pomwepo. Ine ndimamuthira m'jagi, n'kumusiya ola limodzi kapena awiri kuti apume, kenako ndimamwa ndi nyama yamafuta. Eni ake a ku Mealhada amamwera nkhumba yaing'ono yowoca, leitão, pakuti mafuta amafewetsa ukali uja.

Kuwawasa ndi kuumitsa m'kamwa kuja ndi kumene kumasunga vinyo. Botolo labwino la Baga limatha kukhala zaka 10 kapena 20, ukali n'kumatha pang'onopang'ono, fungo n'kumasanduka la masamba ouma ndi nthaka yonyowa. Alimi ngati Luís Pato anachuka cifukwa ca mabotolo otere.

Koma kudikira kuli ndi malamulo ake. Botolo ligone cammbali kuti cotsekera cake ca khungwa cisaume. Likhale mumdima, pamalo osagwedezeka, pamene kuzizira sikusinthasintha, madigiri 12 mpaka 14. Apa ndi pamene dziko lathu limayankhapo. Ku Lichinga, pamtunda wa mamita oposa 1,300, cipinda camkati capansi pa simenti cingasunge botolo zaka zingapo. Ku Tete, kumene mwezi wa Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, kabati ya m'khichini imaphika vinyo. Mukadzatsegula mumapeza wasanduka wofiirira ngati tiyi, fungo la zipatso lathawa, ndipo ndalama zanu zapita.

N'cifukwa cake ndikagula ndimatenga mabotolo awiri kapena atatu a caka cimodzi. Limodzi ndimatsegula msanga kuti ndidziwe ciyambi cake, ena ndimawatsegula motalikitsa nthawi, ndikulemba m'kope zimene zasintha. Mnzanga wokhala kucigwa cotentha akandifunsa, ndimamuuza kuti asawerenge zaka zimene alimi a ku Bairrada amanena, ayambe wayang'ana nyumba yake. Ngati alibe malo ozizira, aziziritse botolo pang'ono, aitane abale, amwe caka comweco. Ndi bwino kumwa Baga waukali kusiyana ndi kusunga Baga wakufa.