Kalata yochokera ku Toronto

Abale anga kwathuko, kuno mu Disembala dzuwa likulowa 5 koloko isanakwane. Chipale chofewa, chomwe eni dziko amati snow, chakwirira misewu, pomwe inu muli kalikiliki kupalira chimanga. Ndikaweruka ku labotale ndimaphika nsima ya ufa wachikasu wa m'paketi n'kudya ndekha, wopanda wonditsirira madzi osamba m'manja. Nkhwani wotendera ndimangomulota.

Ntchito yanga ndi kufufuza puloteni yotchedwa P-glycoprotein, yomwe Victor Ling ndi Rudolph Juliano anaitulukira mumzinda uno mu 1976. Imakhala pakhungu la selo, ndipo mankhwala akalowa imawataya kunja ngati msodzi wokapa madzi m'bwato. Maselo a khansa akaichulukitsa, mankhwala angapo osiyanasiyana amaleka kugwira pakamodzi.

Amodzi mwa mankhwala otayidwawo ndi vincristine, amene amathandiza ana odwala khansa ya Burkitt ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Amachokera ku duwa lija lochokera ku Madagascar, loyera kapena lofiirira, lomwe limangodzimerera m'mbali mwa khonde kwathu. Kuno amalitcha periwinkle, amaligula m'timiphika m'chilimwe, chisanu chikafika n'kufa. Ndikaliona mtima umandiwawa, chifukwa kwathu silifuna wolisamalira.

Zomera zina zimafooketsa puloteniyi. Piperine wa mu tsabola wakuda ndi curcumin wa mu turmeric, muzu wachikasu wothira mu kale, amatero pa maselo a mu labotale, koma m'thupi la wodwala zinthu sizinayendebe monga tinkafunira. Zina zimaipatsa mphamvu. St John's wort, chitsamba chomwe anthu kuno amagula kuti chiwachotsere kukhumudwa kwa miyezi yamdimayi, chimachulukitsa puloteniyi pamodzi ndi michere ya m'chiwindi yophwanya mankhwala. Mu 2000 ofufuza anapeza kuti chimachepetsa indinavir, mankhwala a HIV, kupitirira theka m'magazi. Kwathu wokhumudwa amapita kukacheza kwa achemwali ake, kuno amakagula mabotolo.

Sindinyoza zitsamba, pakuti zinandilera. Ndimazipatsa ulemu chifukwa ndaona ndi maso mphamvu yake. Choncho inu amene mukumwa ma ARV, mankhwala a TB kapena a khansa, mukapita kuchipatala muziwauza adokotala kapena anamwino za mizu ndi masamba onse amene mukumwa kunyumba, osabisa ngakhale kamodzi.