Oyenda pansi nafenso tikufuna mlatho

Sabata yatha ndinakazonda achemwali anga ku Ndirande, ndipo m'mawa ndinawaperekezera mwana kusukulu. Sukuluyo imaoneka patsidya pomwepo, koma tinatsetsereka chigwembe, kudumpha miyala mumtsinje wa Nasolo, n'kukweranso chitunda. Patsogolo pathu, bambo wakabaza anali atasenza njinga paphewa.

Ine ndimaphunzitsa kumudzi, ndipo ndikudziwa kuti mtsinje ukadzaza, theka la kalasi silibwera. Ndinkayesa kuti m'tauni zoterezi kulibe.

Chidutsireni namondwe wa Freddy mu 2023, tikamakamba za milatho timangoganiza za magalimoto. Chonsecho mlatho wa oyenda pansi sulira zambiri: zipilala zolimba, zazitali poti madzi sangafike, zotchingira m'mbali, ndi malo oti njinga ziwiri zipatukirane. Akuluakulu amzinda, mvula ikubwerayi mwana ameneyu adzawoloka bwanji?