Nkhoko ya M'munda

Kwathu ku Lusumbwe, kumene ambiri amakutchula kuti Monkey Bay, mwana amayamba kudziwa mphepo asanadziwe nthaka. Ine ndidali kusiyanitsa mwera ndi mpoto ndisanayambe sukulu, koma za dothi la m'munda mwathu ndidaziphunzira mochedwa, ndiponso mowawa.

Mudali mu 1992, chaka chimene chilala chidasiya nkhokwe zili pululu. Bambo ankagwira ntchito m'sitima ya Ilala, motero munda udali m'manja mwa amayi ndi agogo. Mbewu ya chimanga tidachita kugula ndi ndalama zimene amayi adapeza pogulitsa usipa. M'mwezi wa Okutobala adandituma kukasosa, ndipo agogo adanenetsa kuti mapesi ndisatenthe. Koma dzuwa la kunyanja m'mwezi umenewu silichita masewera. Ndidaona kuti moto ungagwire ntchito ya masiku atatu m'kanthawi kochepa, tsono ndidayatsa. Padangotsala kachigawo ka pansi pa mtengo wa msangu, kumene moto sudafike.

Mvula yobzalira idagwa mu Disembala, ndipo tidabzala mbewu zitatuzitatu pa phando. Usiku wotsatira kudagwa chimvula chamkuntho chimene chidachititsa malata kulira ngati ng'oma. Tonse tidakondwa. Agogo okha ndiwo adakhala duu, ndipo nditawafunsa adati, "Mvula yolera mbewu ndi yamvumbi, mdzukulu wanga. Iyi ikumenya nthaka."

Kutacha, dzuwa lidaomba sabata yathunthu. Titapita kumunda tidapeza mizere ili see, yosalala ngati pakhonde pozira, popanda ndi tsamba limodzi lomwe. Agogo adagwada natokosa phando ndi kamtengo. Dothi lapamwamba lidatukuka lonse pamodzi ngati nkhoko ya mumphika, lopyapyala koma louma gwa. Pansi pake padali chinyezi, ndipo chimanga chidali chitamera ndithu, koma chidali chachikasu, chopindikapindika chifukwa chosowa potulukira. Pansi pa msangu pokha ndi pamene mizere idali yobiriwira, poti mapesi ndi masamba amene mtengowu umayoyola mvula ikamayamba zidali zitaphimba nthaka.

Agogo sadandikalipire. Adangondipatsira chibenthu cha dothicho m'manja nati, "Taswa." Ndidachita kukanikiza ndi chala chachikulu kuti chisweke. "Nanga mwana wa chimanga ali ndi chala?"

Zimene agogo adandionetsa tsikulo ndidadzazimvetsa bwino ndili ku sekondale. Dontho lalikulu la mvula limafika pansi pa liwiro la mamita pafupifupi 9 pa sekondi. Likagwera pa nthaka yosaphimbika limaphwanya timibulu ta dothi, ndipo fumbi losalala limene latuluka limatseka timabowo tolowera madzi ndi mpweya. Madzi akasowa polowera amayamba kuthamanga pamwamba, natenga chonde kupita nacho kunyanja. Dzuwa likaomba, matope aja amauma n'kusanduka nkhoko. Chodabwitsa n'chakuti si dothi lililonse limene limatero. Mchenga wa pagombe sugwirana, ndipo makande akauma amang'ambika okha. Lovuta ndi dothi longa lathu, losakanikirana mchenga wosalala ndi fumbi, makamaka likasowa zinyalala zowolerana zimene zimalimbitsa timibulu tija. Ndimaganizanso kuti makolo pobzala mbewu zitatu pa phando sankangoopa mbewa ndi nkhwali, pakuti mphukira zitatu zikakankha pamodzi zimaboola pamene imodzi ingalephere.

Masiku awiri otsatira tidayenda chogwada mzere ndi mzere, kuswa nkhoko pa phando lililonse ndi timitengo. Khasu agogo adaletsa, kuopa kudula mphukira. Mapando ena adapulumuka, koma ambiri adali atapsa kale. Amayi adayenda wapansi kupita kwa achimwene awo kwa Nankumba kukapempha mbewu yamakolo yopakizira, ndipo adabwera ndi yosadzaza n'kambale komwe.

Bambo atatsika m'sitima adafunsa chimene chidachititsa kuti chimanga chisiyane misinkhu chotere. Mtima wanga udagunda. Agogo adandiyang'ana pang'ono, kenaka adayankha kuti, "Mvula idabwera ndi ukali." Madzulo ake, amayi atapakula nsima, agogo adapala mphika nandiikira nkhoko yonse m'mbale mwanga.