Chitseko Chosapuma cha ku Risosi

Kumapeto kwa mdadada wa makalasi, kuseri kwa mtengo wa mango, kuli kachipinda kamene pasukulu yonse amangokatchula kuti "ku risosi". Sukuluyi ndi ya pulayimale, ili m'chigwa choyang'anizana ndi phiri la Mulanje, ndipo ana ndi ochuluka moti makalasi ena amaphunzirira pansi pa mitengo. Kachipindaka n'kochepa kuposa zipinda zonse, koma chitseko chake sichipuma. Pali ngati padepoti ya minibasi: wina akulowa, awiri akutuluka, uyu wabwera kudzasiya pepala, uyo wabwera kudzatenga magalasi okulitsira zilembo.

Madamu amene amayang'anira chipindachi amafika phala lisanapse. Asanatsegule kabati amayamba ayendera mipando, kuona ngati uliwonse uli pamene unali dzulo. Ana osesa amakonda kukankhira mabenchi kukhoma n'kuwasiya komweko. Kwa ife openya zilibe kanthu, koma mwana wosaona chipinda chonsechi anachisunga m'mutu, ndipo benchi yosuntha usiku imakumana naye pamsongolo m'mawa. "Mukasuntha chinthu muzinena," amatero madamu, ndipo lamuloli amalidziwa ngakhale a sitandade 1.

Tsiku limene ndinapitako, cha m'ma 7 koloko ana anayamba kufika. Mnyamata wa panjinga ya olumala anabwera akukankhidwa ndi anzake atatu, akulimbirana zogwirira, matayala akutitimira mumchenga. Pakhomo pali chikweza cha simenti choti njinga izikwerapo, koma amisiri anachimanga chotsetsereka kwambiri, moti mwana payekha sangakwere. Zikweza zotere zadzaza m'sukulu zathu, ndipo zimandiwawa. Simenti yake ndi yomweyo, ndalama yake ndi yomweyo. Chimene chinasowa ndi munthu woti afunse wokwera njingayo asanayambe kuponda dothi.

Kenako mtsikana wa khungu la chialubino, atavala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, anafika pamodzi ndi amayi ena a m'mudzi mwake. Sayenda yekha, ndipo chifukwa chake Mmalawi aliyense akuchidziwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo ambiri mwa iwo amaona movutikira. Madamu anamuyang'ana m'makutu, kukhosi ndi pamilomo ngati wadzola mafuta oteteza ku dzuwa, n'kumupatsa mapepala a phunziro la tsikulo, olembedwa ndi cholembera chakuda chonenepa, chilembo chilichonse chachikulu ndithu. Iyeyu braille sakuifuna. Chimene amafuna ndi zilembo zazikulu, malo a kutsogolo kumene dzuwa la pawindo silimuthobwa m'maso, ndi ufulu wonyamuka kukayang'anitsitsa pabolodi popanda womukalipira.

Belu la asembule lisanalire, madamu anatulutsa m'thumba mtengo wa nyemba wozula ndi mizu yomwe. Ku sitandade 4 tsikuli amaphunzira zigawo za chomera. Anaitana awiri a m'kalasimo, mnyamata wosamva ndi mtsikana wosaona. Mtsikanayo anamugwiritsa muzu, thunthu, tsamba, duwa, akutchula lililonse dzina. Kwa mnyamatayo anaima moyang'anizana ndi khomo kuti kuwala kugwe pankhope pawo, n'kumuonetsa chizindikiro cha manja cha gawo lililonse, kenako liwu lake lolembedwa pakhadi. Sizinatenge nthawi. Koma pamene aphunzitsi a kalasi adzayambe kufotokoza kwa ana opitirira zana, awiriwa adzakhala atachigwira kale chinthucho. Njira imeneyi, yoti mwana alawiretu phunziro asanakalowe m'gulu, ndimaiona kuti ndiyo msana wa ntchito yonse ya m'chipindachi.

Ndinakhala pakona kuti ndione aliyense, koma kamtsikana kena ka zaka zisanu ndi ziwiri kananditengera maso m'mawa wonse.

Kanayamba sukulu chaka chomwechi. Kanabadwa kosaona, ndipo kunyumba, chifukwa cha chikondi, ankakachitira chilichonse: kukasambitsa, kukaveka, kukadyetsa m'kamwa. Zala zake zinafika pano zisanagwirepo ntchito. Choncho madamu sanayambe ndi zilembo. Anakayikira mbale ya nyemba zosakaniza ndi chimanga kuti kasankhule. Kenako mpunga ndi mapira, zimene n'zovutirapo. Kenako kutsata ndi chala ulusi womatidwa pakatoni, wowongoka, wokhota, woduka pakati. Wowerenga braille sakanikiza. Amayendetsa nsonga za zala mopepuka, ndipo mwana wokanikiza amafafaniza yekha madontho amene akufuna kuwerenga.

Patebulo panali chikatoni choikamo mazira, chodulidwa kuti chitsale ndi maenje asanu ndi limodzi, atatu kumanzere, atatu kumanja. Pambali pake panali zitsekerero za mabotolo. Aphunzitsi a kuno luso lotere amalitcha TALULAR, kuphunzitsa ndi zimene zili pafupi. Braille yonse imagona m'maenje amenewa. Louis Braille, mnyamata wa ku France amene anavulala diso ali ndi zaka zitatu mpaka maso onse anafa, anakonza kalembedweka mu 1824 ali ndi zaka 15 zokha. Madontho 6 amenewa amatha kusanjidwa m'njira 63, ndipo m'menemo muli zilembo, manambala ndi zizindikiro za m'kalembedwe.

"Ika chimodzi pamwamba kumanzere, mwanawe."

Kanapapasa, n'kuika.

"Ameneyo ndani?"

"A, Madamu."

"Onjezera china pansi pake."

"B."

"Dzaza mzere wonse wa kumanzerewo."

Apa kanaima. Chitsekerero chachitatu chinali m'dzanja, koma dzenje lake silimapezeka. Kanaika kumanja, n'kuchotsa. Kanaika pamwamba pa chinzake, n'kuchotsanso. Manja anga anali kuyabwa kufuna kukagwira dzanja n'kukalozera. Madamu manja awo anali pamiyendo. Sananene kuti "walakwa", sananenenso kuti "fulumira". Anangoti, "Yambira pamwamba, utsike pang'onopang'ono, uziwerenga." Kanatsika: chimodzi, ziwiri, kenako chala chinagwera m'dzenje lopanda kanthu. Kanaseka kokha chitsekerero chisanalowe n'komwe. "L!"

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kwa madamuwa sikungokhala chete, ayi. Amadziwa pamene mwana akufunafuna ndi pamene wasochera, ndipo amathandiza pokhapokha wasochera, ndi mawu ochepa okwanira kumubwezera panjira. Ambirife tikaona mwana wa ulumali akuvutika timathamangira kumuchitira, n'kumati ndi chifundo. Chifundo chimenecho ndi chimene chinagoneka zala za kamtsikanaka zaka zonsezi.

Atatha za zitsekerero anakapatsa pepala lenileni, madontho ake aang'ono zedi, kuti kasake L pakati pa zilembo zina. Kanapeza atatu, kanaphonya mmodzi. Madamu analemba m'kope lalikulu la chikuto cholimba. Mwana aliyense ali ndi masamba ake m'kopemo: chimene akutha lero, chimene akufuna afikepo teremu ino, ndi zimene anagwirizana ndi makolo. Za kamtsikanaka cholinga china sichinali cha zilembo n'komwe. Chinali choti kazipita kokha kuchimbudzi ndi ndodo yake yoyera, kotsata khoma mpaka pamene pali thanki ya madzi, n'kukhotera kumanja.

Kulemba ndiye kumabwera ndi mavuto ake. Pasileti ya braille mwana amabowola pepala ndi kachitsulo kosongoka, ndipo madontho amatulukira kuseri. Choncho amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, chilembo chilichonse chotembenuza, kuti akatembenuza pepala chiwerengeke bwino. L amene wamuphunzira kumanzere, polemba amamubowola kumanja. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri asunge zonsezi m'mutu! Makina a Perkins amachotsa vutoli, chifukwa dontho lililonse lili ndi batani lake ndipo zilembo zimatulukira pamwamba pomwepo. M'chipindamu alipo awiri. Amodzi ndi olemala, akudikira mmisiri. Enawo amayenda m'manja mwa ana a sitandade 7 ndi 8 mosinthana, ndipo akayamba kulira, a kalasi yoyandikana amadziwa kuti ku risosi ntchito ili mkati.

Nditadzidzimuka, dzuwa linali pamutu ndipo phala linali litadyedwa kale. Masana anadutsa monga amadutsira pasukulu iliyonse: fumbi, phokoso, ogulitsa zitumbuwa ndi mafirizesi kumpanda, a makalasi ang'onoang'ono akuweruka. Madamu sanakhale pansi. Anazungulira m'makalasi, kuima kumbuyo pang'ono, kunong'oneza mphunzitsi, kupitirira. Ku sitandade 4 ndinamva aphunzitsi akunena mokweza chilichonse chimene amalemba pabolodi, ndipo pofunsa mtsikana wosaona uja amayamba atchula dzina lake. Mnyamata wosamva anakhala kutsogolo ndi mnzake amene anatola chinenero cha manja posewera mpira. Aphunzitsiwo akaiwala n'kuyamba kulankhula atayang'ana kubolodi, ana amawakumbutsa okha: "Sala, tembenukani!"

Pabwalo mtsikana wina wamkulupo anagwa khunyu. Ndinayembekeza kuti ana abalalika, monga zinkachitikira kale pamene anthu ankakhulupirira kuti matendawa amapatsirana. Sanathawe. Wina anachotsa njerwa imene inali pafupi, wina anapinda juzi n'kumuika kumutu, wina anathamangira ku risosi. Palibe anamupana, palibe anamuika kanthu m'kamwa. Kugwedezeka kutaleka madamu anamugoneka chammbali, n'kuuza gulu kuti lifutukuke apeze mpweya. Atatsitsimuka, funso lawo loyamba linali la mankhwala, ngati akadalipo kunyumba. Anali atatha. Analemba kakalata kopita kwa makolo ake.

Chakumasana kunafika agogo ena atabereka mdzukulu wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi, miyendo youma, mutu wosakhazikika. Anamva kutchalitchi kuti pano amalandira ana otere.

"Takulandirani, agogo. Khalani apa. Mwanayu amakonda chiyani?"

Agogowo anazizwa. Amayembekeza kufunsidwa za matenda. "Wailesi, aphunzitsi. Ikamaimba amaseka."

"Nanga akafuna madzi mumadziwa bwanji?"

"Amayang'ana kuchidebe."

"Ndiye kuti amalankhula, agogo. Amalankhula ndi maso. Tiyambira pomwepo."

Anatulutsa mpando wopangidwa ndi makatoni omatamata, wolimba ndithu, wokhala ndi zotchinga m'mbali, n'kumukhazikamo. Anamuonetsa zinthu ziwiri, kapu ndi mpira, motalikirana, n'kufunsa kuti mpira ndi uti. Maso anapita kumpira. Agogo anagwira pakamwa. Madamu sanalonjeze kuti adzayenda. Anawauza masiku oti azibwera naye, kuti apitenso kuchipatala akaonane ndi a mafizo, ndi kuti kunyumba asamamugoneke m'nyumba yekha, azimukhazika pakhonde pamene anzake akusewera.

Ntchito imeneyi m'dziko muno inayamba ndi amishoni, amene m'ma 1950 anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Za ana osamva zili ku Mua, ku Embangweni, ku Maryview ndi kwina. Aphunzitsi ambiri a ntchitoyi anasulidwa kukoleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Masiku ano mfundo ndi yoti mwana aphunzire pasukulu ya kwawo pamodzi ndi anzake, ndipo ine ndikugwirizana nayo ndi mtima wonse. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009, n'kukhazikitsa lamulo lake mu 2012. Kalembera uja wa 2018 anati anthu 10 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Mapepala tili nawo abwino. Koma pepala limene madamu akulisowa ndi lina, lochindikala la braille, lodula, losapezeka m'golosale ya patauni yapafupi. Likatha amadula makalendala akale ndi zikuto za mafayilo. Alendo a magalimoto akuluakulu akabwera amajambulitsa ndi ana, amasayina m'buku, amayamikira. Ndikanakonda aliyense wa iwo akanamafunsa funso limodzi asanakwere galimoto: m'kabatimu mwatsala mapepala angati? Ndiponso mphunzitsi mmodzi amene anaphunzira za ana osaona akuyembekezeka kuthandiza osamva, a khunyu, ophunzira mochedwa, onse, kwinaku akupalasa njinga kuyendera sukulu zoyandikana. Amachita, koma si chilungamo.

A makalasi akuluakulu ataweruka, amayi aja atabwera kudzatenga mtsikana wachipewa, m'chipindamu munatsala ntchito imene alendo saiona. Aphunzitsi a makalasi sadziwa braille. Choncho chilichonse chimene ana osaona alemba tsikulo chimabwera pano, ndipo madamu amalemba ndi bolopeni pamwamba pa mzere uliwonse wa madontho zimene mwana walemba, ndendende, zolakwika zomwe. Akatero amatembenuzira ku braille zolemba za mawa. Pamayeso a sitandade 8 bungwe la MANEB limakonza mapepala a braille ndi a zilembo zazikulu, koma mwana angawapindule bwanji ngati zaka zonse zam'mbuyo panalibe womuchitira zimenezi tsiku ndi tsiku?

Aphunzitsi a masamu a sitandade 7 analowa kudzatenga mapepala awo, choko chili mbuu m'manja. Anachongera pomwepo, ataimirira. Mnyamata wosaona wa m'kalasi mwawo anakhoza masamu asanu ndi awiri mwa khumi. Pa samu ina anaiwala chizindikiro chimene chimatsogolera manambala, ndipo popanda icho 2 amawerengeka ngati B.

"Apa n'zoonekeratu kuti amadziwa, Madamu. Komanso mmene amavutikiramu. Ndingomupatsa."

"Ayi, Sala, musamupatse. Anzake akalakwitsa mumawapatsa?"

"Sindiwapatsa."

"Ndiye mulembereni zisanu ndi ziwiri zakezo. Mawa m'mawa abwere kuno tidzakonze chizindikirocho, ndipo Lachisanu mudzamufunsenso samu yomweyo."