Kuyeretsa makiyibodi akale amene anasanduka achikasu

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, koma mbali imene ndimaikonda kwambiri ndi yosamalira makiyibodi akale, aja olemera a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ambiri amafika m'manja mwanga akugwirabe ntchito bwinobwino, batani lililonse likuyankha. Chimene chimawawa eni ake ndi maonekedwe. Pulasitiki amene anatuluka m'fakitale ali woyera kapena wotuwa amakhala atasanduka wachikasu, pena mpaka kufiirira.

Anthu ambiri amati limeneli ndi litsiro kapena utsi wa fodya. Litsiro limakhalapo ndithu, koma chikasu chenichenicho sichichoka ndi sopo chifukwa chili m'pulasitiki momwemo. Zikuto za makiyibodi ambiri anazipanga ndi pulasitiki wotchedwa ABS, amene amapangidwa pophatikiza mankhwala atatu. Amodzi mwa mankhwalawo, otchedwa butadiene, ndi amene amachititsa kuti chikuto chisasweke chikagwa, koma ndi omwewonso amene amaonongeka akamakumana ndi mpweya wa okosijeni. Kuwala kwa dzuwa ndi kutentha kumafulumizitsa kuonongekako. N'chifukwa chake kiyibodi imene inkakhala pafupi ndi windo imakhala yachikasu kwambiri mbali imodzi, ndipo ukamatula kapepala kamene kanamatidwa pansi pake umapeza mtundu woyambirira uli chikhalire. Ena amaloza chala mankhwala a bromine amene ankathiridwa m'pulasitiki kuti asagwire moto msanga, komatu ABS wopanda mankhwalawo amasinthanso mtundu.

Ndisanagwire mankhwala alionse, ndimayamba ndadziwa pulasitiki amene ndili naye. Pa Apple Extended Keyboard II ya mu 1990, mabatani a zilembo ndi a PBT, pulasitiki amene sasintha mtundu kwenikweni, pomwe chikuto ndi batani lalitali lodumphira mawu ndi za ABS. Ukaiona lero, mabatani a zilembo amakhala otuwa monga kale, batani lalitalilo lili lachikasu lokhalokha. Mabatani a IBM Model M, imene inayamba kupangidwa mu 1985, nawonso ndi a PBT, ndipo amangofuna kutsuka basi. Kompyuta ya Amiga 500 ya mu 1987 ndiyo imasintha ponseponse, chikuto ndi mabatani omwe, ndipo batani lina limaposa linzake.

Ndikadziwa zimenezi ndimajambula kiyibodi yonse pa foni kuti ndisadzasokoneze malo a mabatani. Ndimazula mabataniwo limodzilimodzi, kukoka chowongoka, osapendeketsa, chifukwa timiyendo take timakhala titauma ndi ukalamba. Ndimachotsa bolodi ya zamagetsi, mawaya ndi kachitsulo kalikonse, popeza mankhwala oyeretsera amachititsa dzimbiri. Kenaka ndimaviika pulasitiki yense m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale ndi kukwecha ndi mswachi wofewa. Apa sindithamanga. Mafuta a m'zala akatsalira pa batani, mankhwala safika bwino pamenepo ndipo batanilo limatuluka lamawangamawanga. Makiyibodi ena akauma amaoneka bwino kale, moti ndimamuuza mwini wake kuti tilekere pomwepa.

Njira yoyeretsera imene tonse timagwiritsa ntchito inachokera kwa anthu osunga makompyuta akale ku Ulaya. Mu 2008, ena ku Wuppertal m'dziko la Germany anapeza kuti pulasitiki wachikasu amayera akaviikidwa m'mankhwala a hydrogen peroxide kwa masiku angapo. Anzawo okonda makompyuta a Amiga anaikonzanso njirayo, n'kupanga phala lopaka limene analitcha Retr0bright, lofuna kuwala kwa UV, monga kwa dzuwa, kuti ligwire ntchito msanga. Peroxide sasowa. Wa ku famase amakhala wa 3 kapena 6 peresenti, ndipo kirimu amene a m'saluni amasakaniza ndi utoto wa tsitsi, wolembedwa 40 vol, ndi wa 12 peresenti.

Kirimu ameneyu amakopa anthu chifukwa ndi wotchipa komanso wosavuta kupaka. Umapaka, kukulunga ndi pepala la pulasitiki loonekera, n'kuyanika padzuwa. Vuto lake ndi lakuti pamene pepalalo lachita makwinya, kapena pamene kirimu wauma, pamatsala mizere yoyera mopitirira, ndipo mizere imeneyi imavuta zedi kuichotsa. Ine ndimakonda kuviika. Ndimathira peroxide wosungunula ndi madzi m'beseni loonekera, kumiza pulasitiki yense, n'kuvindikira ndi chivindikiro choonekeranso. Mabatani amakonda kuyandama chifukwa thovu limamatirira kunsi kwake, choncho ndimawatakasa pafupipafupi. Chikuto ndimachitembenuza kuti mbali zonse zilandire dzuwa mofanana. Njirayi imadya mankhwala ambiri komanso nthawi, koma mtundu umatuluka umodzi.

Dzuwa limathandiza, koma limafuna kuliyang'anira. La mu Okutobala limatenthetsa beseni lovindikira kwambiri, ndipo pulasitiki wopyapyala, makamaka batani lalitali lija, amapindika osawongokanso. Madzi akafika poti mbali ya beseni ikuotcha dzanja, ndimalisunthira pamthunzi. Ndimayerekeza mtundu wa kunja ndi wa m'kati mwa chikuto, kumene kuwala sikunafikeko, ndipo ziwirizi zikayandikana ndimavuula. Wofuna kuyera kopitirira apo amatuluka ndi pulasitiki wambuu, wosaoneka ngati wa fakitale iliyonse. Mabatani akuda kapena amitundumitundu sindiwaviika, chifukwa amasuluka. Amene zilembo zake anangozidinda pamwamba ndimayamba ndayesa limodzi lokha.

Peroxide wa 12 peresenti amaotcha khungu ndipo akhoza kuononga diso, motero sindigwira ntchito popanda magolovesi ndi magalasi. Sindimuika m'botolo lotsekeratu padzuwa chifukwa amatulutsa mpweya. Jiki sindiyandikizako, ndipo mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo ndiwo oopsa koposa, pakuti acetone amene amakhalamo amasungunula ABS nthawi yomweyo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimauza aliyense ndisanalandire ndalama yake. Ndimati, “Bambo, kiyibodiyi iyera, koma chikasu chidzabwerera.” Peroxide amangoyeretsa kachikopa kapamwamba. Pulasitikiyo amakhalabe wokalamba, ndipo pakapita zaka zingapo mtundu uja umayambanso kuoneka, ngakhale kiyibodi itasungidwa m'katoni mumdima. Zili ngati kudaya imvi: mutu umada, koma zaka sizibwerera m'mbuyo. Kuviika kulikonse kumalanga pulasitiki, choncho sindivomera kubwereza kawirikawiri. Chikuto chimene chayamba kale ming'alu, kapena kiyibodi yosowa kwambiri, ndimangotsuka, kukonza mabatani osayankha, n'kubweza ndi chikasu chake.

Ngati muli ndi kiyibodi yakale kunyumba kapena m'sitolo ya ku ofesi, musaitaye chifukwa cha mtundu wake. Yambani ndi sopo ndi mswachi. Mukaganiza zoiyeretsa, yesani kaye pamalo obisika, ndipo mukamaliza muiike kutali ndi windo ndi kuifunditsa nsalu pamene simukuigwiritsa ntchito.