Chithunzi cha masenti 10

Ntchito yanga ndi kujambula zithunzi zogulitsa kwa anthu amene sindidzaonana nawo. Ndimaziika pa intaneti, m'nkhokwe za makampani monga Shutterstock ndi Adobe Stock. Mkonzi wa magazini ku London, kapena bungwe lolemba lipoti la zausodzi, akafuna chithunzi cha nyanja ya Malawi amalipira chilolezo chochigwiritsa ntchito. Chithunzicho chimakhalabe changa ndipo chikhoza kugulidwa kambirimbiri.

Kale zimenezi zinkadyetsa munthu. Koma mu June 2020 Shutterstock inasintha malipiro: wojambula amayambira pa 15 peresenti, January aliyense amabwereranso pamenepo, ndipo chithunzi china chimangobweretsa masenti 10 a dola. Adobe Stock imapereka 33 peresenti. Pa Unsplash anthu amatenga zithunzi ulere. Kuyambira 2022 kwabweranso makompyuta opanga chithunzi munthu akangolemba mawu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, anzanga ankati ndalemera poti ndimalandira madola. Sankawerengera kuti batire, lenzi ndi bandulo yotumizira zithunzi nazonso zinakwera.

Choyamba kufa pamsika chinali chithunzi chimene mlendo aliyense wogona ku Kande kapena ku Makuzi amajambula ndi foni: mchenga woyera, bwato, dzuwa lofiira pamadzi. Zoterezi zadzaza, ndipo zambiri amazilemba kuti ndi kulowa kwa dzuwa. Kuno ku Chintheche nyanja ili kum'mawa, dzuwa limatulukira pamadzi n'kukalowera kumapiri. Kompyuta nayo ukaiuza kuti ipange msodzi wa ku Malawi, kawirikawiri imamukweza m'ngalawa ya thanga ya ku Zanzibar, m'manja muli nsomba yosadziwika mtundu.

Mpata wanga uli pomwepo. Zimene zikugulidwabe ndi zofuna munthu wodziwa malo ndi nyengo. Nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja, zikadzuka pakati pa madzi nthawi ya dzinja, zimaima ngati utsi wa moto wolusa, ndipo ndimadziwa gombe loti ndikadikirepo mphepo ikazikankhira kumtunda, amayi atagwira kale madengu oti azikolere. Usipa ndimaujambula kuyambira usiku, nyali zikuyaka pa mabwato a chilimira, mpaka m'mawa uli pa thandala. Ndimajambula chinangwa chovikidwa, ufa wake, kondowole ali m'mbale pambali pa nsomba ya batala. Ndimajambulanso tchalitchi chakale cha ku Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881 pochoka ku Cape Maclear. Ndimajambula anthu ocheka mitengo ya labala ku Vizara kusanache. Mwera ukamawomba mu July, ena amasunga kamera. Ine ndimatuluka, chifukwa zithunzi za nyanja yolusa, mabwato onse ali pamtunda, ndi zochepa.

Theka la ntchitoyi silichitika ndi kamera. Chithunzi chilichonse chimafuna mawu ochifotokoza m'Chingerezi, ndipo wofufuza za nsomba salemba "nsomba", amalemba Engraulicypris sardella, dzina la usipa kwa asayansi. Ukalakwitsa dzina, chithunzi chako sichipezeka, kaya chikongole bwanji.

Chovuta kwambiri ndi fomu ya chilolezo. Nkhope ya munthu singagwiritsidwe ntchito potsatsa malonda iye asanasaine. Bambo wina wosoka ukonde anandifunsa kuti, "Mwana wanga, nkhope yangayi ikupita kuti, nanga ine ndipezapo chiyani?" Ndinayankha kuti, "Adada, kumene ikupita sindingakulonjezeni, ikhoza kukapezeka pa chikwangwani cha banki kunja." Anakana, ndipo ndikuona kuti sanalakwe. Amene avomera ndimawalipira pomwepo, ndi kuwabweretsera chithunzi chotsukidwa ku Mzuzu. Ena amalola manja okha, ndiye ndimajambula manja. Ana sindiwajambula makolo awo palibe, ngakhale ndikudziwa kuti mabungwe ena amakonda zithunzi za ana ovala zong'ambika.

Ndalama za m'nkhokwezo pazokha sizikwana lendi. Ndimajambula maukwati Loweruka, zipinda ndi zakudya za malo ogona alendo m'mbali mwa msewu wa M5, ndiponso timavidiyo tatifupi, poti vidiyo imodzi ikagulidwa imaposa zithunzi zambiri. Makasitomala abwino kwambiri tsopano ndi amene anaona dzina langa pansi pa chithunzi cha masenti 10 n'kundilembera okha. Amenewo mtengo timakambirana, ndipo theka ndimalandiriratu ndisanakwere minibasi.