Buku Ndi Limodzi, Koma Timamva Zosiyana

Amayi anzanga, mukapatsa amayi atatu nkhwani wa m'munda umodzi ndi nsinjiro za mumtondo umodzi, ndiwo zake sizikoma mofanana, pakuti dzanja la wophika limasiyana. Kuwerenga nakonso kuli chomwecho. Wolemba amangotipatsa mawu, koma nkhope za anthu, mudzi wao ndi kulira kwao timaziumba tokha mumtima.

Pa gulu lathu la amayi kuno kwa Kabudula, tikamaliza zosoka timawerenga buku mokweza kuti aliyense amve. Posachedwapa tinamaliza Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lomwe linasindikizidwa m'chaka cha 1933. Ndi nkhani ya mnyamata amene anakula mopulupudza bambo ake atamwalira, napita kutali kukafuna ntchito, ndipo pobwerera anadzakhala mfumu natembenuka mtima.

Pokambirana, zinakhala ngati tinawerenga mabuku atatu. Mayi wina wamasiye anati nkhani yonse ndi ya kuvuta kwa kulera mwana wamwamuna popanda bambo. Mtsikana wina amene mwamuna wake ali ku Joni anangogwira za ulendo, nafunsa ngati munthu wochoka amabwera ndi mtima womwe anapita nawo. Agogo ena osadziwa ngakhale chilembo chimodzi anati iwo anaona mudzi wa pa utsikana wao ku Nsaru, nkhokwe zake ndi bwalo lake lomwe. Kodi analakwa ndani? Palibe. Aliyense anabwera ndi moyo wake, ndipo bukulo linamlandira.

Ndalemba izi chifukwa ambiri a inu mumakhala chete pagulu, poopa kuti simunapite patali ndi sukulu. Inenso ndinalekezera ku pulayimale. Koma mayi amene wabereka, waika maliro ndi kusunga banja m'chaka cha njala amamva zinthu m'buku zimene mwana wa sekondale sangazimve. Mukatseka pakamwa, anzanu amamanidwa gawo limenelo.

Tsono madzulo ano muuzeni mwana wanu akuwerengereni tsamba limodzi la buku lake la Chichewa. Akamaliza mumufunse chimene wamva, osamudula mawu. Kenaka inunso mumuuze chimene mwamva, ngakhale chisiyane ndi chake.